Imelo yapita koma akuti sinafike: imatsakamira pati?

Achemwali, mwati munatumiza kalata yofunsira ntchito pa imelo muli ku Namwera, foni ikuonetsa kuti inapita, koma a ku ofesi ya pa boma akuti sanaione. Tiyeni tiitsate m'mene imadutsa.

Imelo sichoka pa foni yanu n'kukagwera pa kompyuta ya winayo. Mukadina Send, foni imapereka uthengawo kwa seva (kompyuta yaikulu yoyendetsa makalata) ya kumene munatsegula adiresi, monga Gmail, kudzera pa njira yotchedwa SMTP, kawirikawiri pa khomo la seva lotchedwa port 587. Ndiye yambani mwayang'ana mu Outbox. Netiweki ikamadukaduka kapena bandulo ikathera panjira, uthenga umangokhala mmenemo. Ukapezeka mu Sent, ndiye kuti seva yanu yaulandira basi, osati kuti wafika kwa mwini wake.

Seva yanuyo imawerenga dzina lili kumanja kwa chizindikiro cha @, imafunsa DNS, yomwe ili ngati buku la maadiresi a pa intaneti, kuti makalata a dzina limenelo amalandiridwa ndi seva iti, chimene amati MX record, kenako imagogoda kumeneko pa port 25. Seva yolandira imayankha ndi nambala. Ikati 250, yalandira. Nambala yoyamba ndi 4, monga 421 kapena 450, ikutanthauza kuti dikirani kaye, ndipo seva yanu imasunga kalatayo pamzere n'kumayesanso mpaka masiku anayi kapena asanu. Yoyamba ndi 5 ndi kukana kotheratu. Nthawi zambiri 550 imatanthauza kuti adiresiyo kulibe, ndipo kaphonyedwe kakang'ono kamakwana kulakwitsa zonse: kulemba .com pamene pafunika .mw, kapena gmial m'malo mwa gmail. Zikatero mumalandira uthenga wochokera kwa Mailer-Daemon kapena Mail Delivery Subsystem. Chonde musamaufufute musanawerenge, chifukwa chake chimalembedwa momwemo.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi masatifiketi ojambula pa foni. Gmail imalola mpaka 25 MB, koma maofesi ena amaika malire aang'ono, mwina 10 MB. Komanso fayilo ikamaikidwa mu imelo imafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, moti zithunzi za 9 MB zimasanduka 12 MB, n'kubwezedwa pakhomo. Phatikizani zonse mu PDF imodzi yopepuka.

Ngati palibe uthenga wobwerera, mwina kalatayo inalandiridwa koma inaponyedwa mu Spam, momwe mumaikidwa makalata okayikitsa. Seva yolandira imafufuza SPF ndi DKIM, njira zosonyeza kumene kalata yachokera, kuti itsimikize kuti wotumizayo si wonamizira, imayang'ananso maonekedwe a kalatayo. Imelo yopanda mutu, yopanda mawu, yongonyamula fayilo, imakayikitsa.

Aimbireni foni a ku ofesiwo, muwauze adiresi yanu, tsiku ndi nthawi imene munatumiza, muwapemphe afufuze mu Spam kapena Junk. Ikapanda kupezeka, tumizaninso tsiku lotsekera lisanakwane, mutuwo mulembe dzina la ntchitoyo ndi dzina lanu.