Makolo amangobwera tsiku lotsekera sukulu, nditani?

FUNSO

Amayi, ndine mphunzitsi wa Sitandade 2 pa sukulu ina kuno ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ndipo ntchitoyi ndangoiyamba kumene. M'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Amene akundisowetsa mtendere ndi makolo. Tikaitana msonkhano amabwera owerengeka, ambiri amakhala ali kumadimba a mbatatesi kapena kumsika. Ndikapereka homuweki, makope ena amabwerera osalembamo kanthu, ena zimachita kuonekeratu kuti awalembera ndi akulu awo. Koma tsiku lotsekera sukulu makolo amadzaza bwalo, ndipo mwana akalephera mlandu umagwera aphunzitsi. Mnzanga wa ku boma akuti nditsegule gulu la WhatsApp, koma kuno amene ali ndi mafoni oterowo ndi ochepa. Ndichite chiyani?

Mphunzitsi, Tsangano, Ntcheu

YANKHO

Aphunzitsi, tayambani mwadzifunsa kuti makolo amenewa sukulu imawaitanira chiyani. Kawirikawiri imakhala ikufuna ndalama ya chitukuko, kapena mchenga ndi njerwa, apo ayi mwana wapalamula ndipo wauzidwa kuti, "Mawa ubwere ndi kholo lako." Munthu amene amaitanidwira zokhazi sangasiye mbatatesi zosathirira n'kuthamangira kusukulu. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri kuno ku Dedza, ndipo makolo amene ndinakumana nawo osalabadira n'komwe za mwana wawo anali ochepa kwambiri. Ambiri sadziwa chabe choti achite, chifukwa palibe amene anawauza.

Kumbukiraninso kuti makolo a ana anuwo ambiri analowa sukulu m'zaka zotsatira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ambiri anaphunzira pansi pa mtengo, buku limodzi akulimbirana gulu, ndipo ena analekezera Sitandade 3 kapena 4. Kuwerenga amatha pang'ono, koma amachita manyazi pamaso pa mphunzitsi. Mukawatumizira kalata yaitali, mwina yosakaniza ndi Chingerezi, imakathera kukulungira nsomba.

Chimene ndinaona chikuthandiza ndi tsamba la kumapeto kwa kope. Lachisanu lililonse, ana asanaweruke, lembani pa bolodi mizere iwiri yokha, ana akopere. Mwachitsanzo: "Sabata ino taphunzira mb, nd ndi nkh. Ndikuwerengereni: mbale, ndiwo, nkhuku." Simungathe kulembera ana 100 mmodzimmodzi, ndiye alembe okha, ndipo kukoperako ndi phunziro kale. Mwana akafika kwawo awerengere munthu wamkulu aliyense amene alipo, kaya mayi, agogo kapena malume, ndipo womverayo aike chizindikiro pansi pake. Wosadziwa kulemba ajambule kamtanda. Lolemba simukufunika kuona makope onse. Onani mzere umodzi wa ana, Lachiwiri mzere wina, choncho mpaka sabata itatha. Kope likakhala masabata atatu lopanda kamtanda, mwadziwa khomo lofunika kufikako.

Homuweki yoti mkulu wake angathe kumulembera si yabwino kwa mwana wa Sitandade 2. Perekani yofuna pakamwa pa mwana mwiniwake. Kuwerenga mokweza palibe angamuchitire.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri sachidziwa, ndipo chimasokoneza ana kwambiri. Kuchokera pamene pulogalamu ya National Reading Programme inayamba mu 2016, ana a makalasi ang'onoang'ono timawaphunzitsa kuwerenga poyambira pa maliwu a malembo, kenako n'kumaphatikiza. M'kalasi inu mukuti "mmm", mwana n'kuphatikiza ndi "a" kuti atulutse "ma". Akafika kunyumba, mchimwene wake wa Sitandade 7 akumuuza kuti lembo limeneli ndi "emu", ndipo akanena zimene mwamuphunzitsa inu amudzudzula kuti akulakwitsa. Ndinaonapo kamtsikana kakuyang'ana mawu oti "mama" pa bolodi, chala chili pa lembo loyamba, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka, chifukwa kakusowa kuti katsate za yani. Zimenezi sizifotokozeka pa msonkhano wa pabwalo. Itanani makolo alowe m'kalasi, akhale kumbuyo pa benchi, aone phunziro la Chichewa kwa theka la ola. Akamva okha ana akutchula maliwu, ndiponso akaona mwana wawo ali kutsogolo akuloza mawu, amatuluka atamvetsa.

Musawaitane onse tsiku limodzi. Tengani mudzi umodzi kapena iwiri pa nthawi, m'mawa, ndipo muwauziretu kuti si za ndalama komanso kuti pomakwana 9 koloko akhala atabwerera. Mukalonjeza choncho musungedi nthawiyo. Pewani tsiku la msika, ndipo nyengo ya kudzala ndi kupalira musayembekezere anthu ambiri. Uthenga upite kudzera kwa a mfumu, kumatchalitchi ndi kwa amayi a Mother Group (gulu la amayi a m'deralo lothandiza kuti ana asasiye sukulu), amene amadziwa khomo lililonse, ngakhale la mwana wojomba. Zonsezi muyambe mwakambirana ndi ahedi, ndipo a komiti ya sukulu ndi a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) adziwe, kuti zisaoneke ngati mwayambitsa zanuzanu.

Ndiponso sabata iliyonse sankhani ana awiri kapena atatu amene asintha, osati okhawo a nambala wani. Mwana amene mwezi watha sankatha kuwerenga "nkhuku" koma lero wawerenga, mulembereni m'kope kuti, "Amayi, mwana wanu wayamba kuwerenga bwino." Kholo limene lalandirapo mawu otere silivuta kuliitana tsiku limene mudzakhale ndi nkhani yovuta. Ndipo nkhani yovutayo muzinena msanga. Ngati mukuona kuti mwana abwereza kalasi, kholo limve mu teremu yachiwiri, muli awiri, osati pa tsiku lotsekera mayina akuitanidwa pagulu.

Za WhatsApp, tsegulani ngati mukufuna, n'zothandiza kwa ochepawo. Koma chilichonse chimene mwaika pamenepo chipitenso m'kope, kuti opanda foni asasanduke omva zinthu mochedwa. Malikisi a mwana kapena vuto lake musaike pa gulu.

Komaliza, pemphani ahedi kuti mabuku owerenga ana azipita nawo kunyumba, ngakhale Lachisanu lokha. Ndikudziwa mantha awo, amati ang'ambika ndi kunyowa. Jumbo ya shuga imateteza buku ku mvula ya ku Tsangano, ndipo kholo limene lauzidwa kuti bukuli lili m'manja mwake limalisamala.

FUNSO

Ndikulera mdzukulu wanga amene ali Sitandade 1, makolo ake ali ku Joni. Ine sukulu sindinapiteko, kalata ino wandilembera ndi mwana wa mnansi wanga. Mdzukuluyu akandionetsa kope lake ndimangoyang'ana. Ndingamuthandize bwanji?

Agogo, Mayani, Dedza

YANKHO

Agogo, mwachita bwino kufunsa, ndipo musadziderere. Mwanayo akakuonetsani kope, muuzeni kuti, "Tandiwerengera." Khalani naye pakhonde dzuwa lisanalowe, poti usiku kuwala kumavuta, ndipo aziloza ndi chala pamene akuwerenga. Inu malembo simuwadziwa, koma Chichewa mumachidziwa kuposa iye. Akatchula mawu osamveka mudzamva, n'kumuuza kuti abwereze. Akamangolakatula osayang'ana pa kope, mwina waloweza, ndiye muloze penapake pakati mumufunse kuti apa akuti chiyani.

Masamu ndiye muli nawo kale m'nyumba. Potola nyemba mpatseni khumi, muchotsepo zitatu, anene zatsala. Aziwerenga nkhuku zikamalowa m'khola. Mumuthandize kutola zitsekerero za mabotolo kapena kudula timitengo tokawerengera kusukulu. Nthano ndi zilapi zimene mumamuuza madzulo musazisiye, ndipo nthano ikatha mumufunse kuti afotokoze yekha zimene kalulu anachita. Kumva nkhani n'kutha kuibwereza ndi luso limene aphunzitsi amalifuna m'kalasi.

Chachikulu kwambiri n'chakuti asamajombe. Mu Juni ndi Julayi kuno ku Dedza kumazizira zedi ndipo ana ang'ono amakakamira m'bulangete, koma mwana wa Sitandade 1 akajomba masiku atatu amapeza anzake adutsa malembo amene iye sanawaone. Adyeko kanthu m'mawa, kaya ndi mbatata kapena mkute. Mukaona kuti amayandikitsa kope kumaso, kapena mumachita kumuitana kangapo asanatembenuke, auzeni aphunzitsi amuike kutsogolo, ndipo mupite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu.

Musadikire kuitanidwa. Pitani kusukulu ana akangoweruka, mukapeze aphunzitsi ake, muwauze kuti mwanayu akukhala ndi inu ndipo kuwerenga simutha, kotero uthenga wofunika azikuuzani pakamwa kapena kudzera kwa mnansi wanuyo. Muwafunsenso kuti mwezi uno ana akuphunzira malembo ati, kuti mwana wa mnansi uja akamabwera kudzacheza azimufunsa omwewo.