Nyimbo za classical: tizitchule bwanji, ndipo wozipeka ndi ndani?

Mafunso a ulendo uno onse achokera konkuno ku Joni, ndipo onse akukhudza nyimbo. Loyamba ndi la bambo wina wa ku Rosettenville. Mwana wawo wamkazi akuphunzira vayolini, ndipo anapita naye ku Linder Auditorium ku Parktown kukamvera gulu lalikulu la oimba ndi zoimbira lotchedwa Johannesburg Philharmonic Orchestra. Pofuna kufotokozera agogo a mwanayo ku Dedza pa WhatsApp, mawu anawathera. Akufunsa kuti: "Kodi ndinene kuti nyimbo zachizungu, kapena nyimbo zamakedzana?"

Bambo, mawu onse awiriwo asiyeni. Mukati zachizungu, agogo aganiza za nyimbo za country zija amamva pa wailesi, chifukwa kwathu nyimbo yachizungu ndi iliyonse yoimbidwa m'Chingerezi. Komanso mawuwa akulanda anthu akuda chinthu chimene anachikhetsera thukuta. Mzilikazi Khumalo, amene anamwalira mu 2021, anapeka opera (sewero lochita kuimba) ya m'Chizulu yonena za Princess Magogo, mwana wamkazi wa mfumu ya Azulu, ndipo inaonetsedwa koyamba mu 2002. Bongani Ndodana-Breen anapeka ina yonena za Winnie Mandela, yomwe inaimbidwa ku Pretoria mu 2011. Ku Diepkloof, ku Soweto, sukulu ya Buskaid yakhala ikuphunzitsa ana zoimbira za zingwe kuyambira 1997. Zimenezi n'zachizungu pati?

Mawu akuti zamakedzana ndiwo amandipweteka kwambiri. Zoona, akatswiri otchuka opeka nyimbozi anapita kale: Mozart anamwalira mu 1791, Beethoven mu 1827. Koma chinthu chamakedzana ndi chimene chinatha, chongokumbukiridwa. Mwana akamamva makolo ake akutchula choncho luso limene akuliphunzira, angaganize bwanji kuti tsiku lina nayenso adzapeka yake? Nenani kuti nyimbo za classical, osachita manyazi. Tinabwereka kale kwaya, bandi ndi gitala, ndipo Chichewa sichinafe. Agogo auzeni kuti ndi nyimbo zolembedwa papepala, zoimbidwa ndi chigulu cha anthu a zoimbira zosiyanasiyana, kutsogolo kutaima mmodzi wowongolera ndi manja monga achitira wotsogolera kwaya. Vayolini muwauze kuti ndi m'bale wake wa kaligo, kungoti kaligo ali ndi chingwe chimodzi pamene iyeyu ali nazo zinayi. Amva msangamsanga.

Bambo omwewa afunsanso ngati nkoyenera kunena kuti mwana "akuimba vayolini" pamene kukamwa kuli chete. Nkoyenera ndithu. Timaimba gitala, timaimba bangwe, timaimba ng'oma. Kuliza kuliponso, koma nthawi zambiri kumangonena za kutulutsa phokoso, monga kuliza belu.

Funso lina lachokera kwa mayi wina amene amatsogolera kwaya ya Amalawi pa mpingo wina ku Turffontein. Nyimbo zina amazipanga okha. Akuti pa pulogalamu ya Paskha anawalemba kuti "wopeka nyimbo", ndipo sizinawakomere chifukwa kupeka amakudziwa pa bodza. Akufunsanso chifukwa chake akuluakulu ena amawauza kuti nyimbo zawo n'zokoma koma "Chichewa chake sichikumveka".

Mayi, pa loyambalo mtima ukhale pansi. Kupeka ndi kutulutsa m'mutu chinthu chimene kunalibe, kaya ndi nthano, ndakatulo, nyimbo, ngakhale bodza limene. Michael Sauka anapeka nyimbo ya fuko lathu, imene tinayamba kuimba mu 1964. Enoch Sontonga, amene manda ake ali ku Braamfontein, anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika mu 1897. Wolemba nyimbo atha kukhala mnyamata amene wangokopera solofa m'kope. Inu ndinu wopeka.

Lachiwirili ndiye pagona nkhani, ndipo akuluakuluwo sakukunyozani. Chichewa chili ndi nyimbo yakeyake tisanachiike n'komwe m'nyimbo. Tchulani mtengo wa mango umene uli pabwalo, kenaka mtengo wa shuga kusitolo. Pa woyambawo liwu likukwera pa "te", pa wachiwiriwo likungoyenda pansi. Tchulaninso "ndimaimba" m'njira ziwiri: mukakweza "ndi" mukutanthauza kuti kuimba ndi ntchito yanu mpaka lero, mukamutsitsa mukunena za zomwe munali kuchita kale. Zilembo n'zomwezo, tanthauzo lasintha. Chinanso, pothera pa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati chikoondi, sititi chikondii. Nyimbo zambiri za m'mabuku a tchalitchi zinabwera ndi maimbidwe a ku Ulaya, mawu athu n'kungolowetsedwamo mokakamiza, ndiye makutu athu anazolowera kukoka kumapeto. M'nyimbo yakale timakhululuka. M'nyimbo yatsopano khutu la munthu wamkulu limakana.

Si mwangozi kuti Khumalo uja analinso pulofesa wa ziyankhulo za mu Africa ku yunivesite ya Wits, ndipo anafufuza za kukwera ndi kutsika kwa mawu m'Chizulu. Ankadziwa chimene chiyankhulo chake chimalola. Ine ndikukhulupirira kuti ngati nyimbo zoterezi zidzamere mizu m'Chichewa, zidzachokera kwa anthu ngati inuyo, a m'makwaya, amene mumadziwa kale kugawa mawu anayi. Chotsala ndi kumvera chiyankhulo.

Choncho musayambe ndi piyano. Yambani mwawerenga mawu anu mokweza, monga mukuuza mnzanu nkhani, mudzijambule pa foni. Mverani pamene liwu likukwera ndi pamene likutsika, ndipo nyimbo yanu itsate njira yomweyo, makamaka pa mawu amene tanthauzo lake lingasokonekere. Simukuyenera kutsata phatikizo lililonse, ayi, koma musamatsutsane nalo pa mawu ofunika. Funaninso nyimbo za kwathu zimene Hugh Tracey, wofufuza za nyimbo za mu Africa, anajambula m'zaka za m'ma 1950. Bungwe lake la International Library of African Music analiyambitsira pafupi pompa, ku Roodepoort, mu 1954, ndipo tsopano lili ku Rhodes University ku Makhanda. Mverani mmene oimba bangwe ndi amayi a pamtondo ankakhazikira mawu, kenaka muimbire akuluakulu aja nyimbo imodzi yokonzedwanso, muwafunse pamene Chichewa chikuwathawabe.