Amayi asamangogona, aziyendako

Achemwali, mwafunsa ngati amayi anu, amene ayamba chemo (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa) ya khansa ya m'mawere kuchipatala cha Charlotte Maxeke ku Joni, azingogona monga akunenera achibale kumudzi. Ayi ndithu, ngakhale ndikudziwa kuti achibalewo akunena chifukwa chowakonda.

Kutopa kwa chemo si kofanana ndi kwa munthu wochokera kumunda, kumene kumatha akagona. Munthu akamangokhala pabedi minofu imafota, mtima umafooka, mpaka amayamba kupuma wefuwefu pongopita kubafa. Mu 2019 akatswiri a American College of Sports Medicine ananena kuti kulimbitsa thupi mphindi 30, katatu pa sabata, kumachepetsa kutopa ndi nkhawa kwa odwala khansa, ngakhale amene akulandirabe mankhwala. Sizifuna jimu kapena ndalama, kuyenda ndawala kukukwanira. Liwiro lake likhale loti akutha kucheza nanu koma sangathe kuimba nyimbo ya kwaya.

Musawayambitse ndi mphindi 30. Ayambe ndi 10, m'mawa kukadali kozizira, inu muli pambali pawo ndi botolo la madzi. Joni ili pamalo okwera, mamita oposa 1,700, ndiye ngati angofika kumene kuchokera ku Malawi phuma liziwagwira msanga. Avale chipewa, chifukwa mankhwala ena amapangitsa khungu kupsa mosavuta ndi dzuwa. Masiku oyamba akachoka pa diripi, mseru ukavuta, kuzungulira pabwalo kokha n'kokwanira. Musawakakamize.

Chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri ndi ichi: pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 atalandira chemo, asilikali a m'magazi amatsika. Nthawi imeneyo apewe malo odzaza anthu ndi madamu osambira a gulu. Gulani choyezera kutentha kwa thupi. Kutenthako kukafika pa madigiri 38, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.

Funsaninso adokotala dzina la mankhwala awo asanayambe. Ofiira aja, a doxorubicin, amatha kukhudza mtima, choncho akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kuthamanga modabwitsa, asiye pomwepo ndipo adokotala adziwe. A paclitaxel amabweretsa dzanzi kumapazi, munthu amapunthwa asakudziwa. Pamenepo mapatapata ayi, avale nsapato zotseka, aziyenda pamalo osalala ngati njira ya ku paki ya Zoo Lake.

Ngati anachitidwa kale opaleshoni ya kukhwapa, muziona ngati mkono ukutupa kapena kulemera, ndipo pemphani kuti awatumize kwa a physio, akatswiri othandiza ziwalo pozilimbitsa, pachipatala pomwepo.