Funsani Amakaniko: Lamba wa injini akalira, yang'anani chimene chikumuliza

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ndili ndi Toyota Hiace ya dizilo, ya injini ya 2KD, imene imayenda pakati pa Kasungu ndi Lilongwe. Ndikailiza m'mawa, lamba wa kutsogolo kwa injini akumalira, makamaka ndikayatsa magetsi. Ndikufuna kumusintha ndekha. Ndiyambire pati? — Dalaivala, Chinkhoma

YANKHO: Mungathe, bambo, ndipo ntchitoyi siposa ola limodzi ngati zida zilipo. Chomwe tikukupemphani n'chakuti musathamangire kuika lamba watsopano musanadziwe chimene chikuliza wakaleyo. Nthawi zambiri vuto limakhala pa tenshona (kachipangizo kokunga lamba) kapena pa pule (gudumu limene lamba amayendapo), ndipo watsopano naye amayamba kulira sabata isanathe.

Lamba ameneyu, amene ambiri timangomutchula kuti fanibeluti, ndi mmodzi yekha wa timizere, ndipo amazungulira mapule onse: la kirankishafuti (chitsulo chachikulu chozungulira cha injini), la alitaneta (yotchaja batire), la pampu ya madzi ndi la eyakoni. Pa injini zina amayendetsanso pampu yofewetsa chiwongolero. Mukayatsa magetsi alitaneta imalemera, choncho lamba wosakungika bwino amaterereka pa pule n'kulira.

Yesani izi injini ikulira, malaya ndi manja zili kutali ndi mapule. Wazani madzi pang'ono kumbali ya timizere. Phokoso likakula, ndiye kuti lamba ndi wokhwepa, kaya watha kaya tenshona yafooka. Likatha kanthawi kenako n'kubwerera, pali pule limene lapendama kapena silili pamzere ndi anzake. Likapanda kusintha n'komwe, kaikirani beringi ya limodzi mwa mapulewo. Oyilo, girisi ndi sopo musayerekeze kupaka. Phokoso limatha tsiku limodzi, koma oyilo amafewetsa labala ndipo fumbi la m'misewu ya kuno limakakamira pomwepo n'kumadya lamba.

Pogula, werengani nambala yolembedwa kumsana kwa lamba wakale. Mukaona, mwachitsanzo, 7PK ndi manambala anayi, 7 akutanthauza timizere 7, ndipo manambala otsatirawo ndi utali wake m'mamilimita. Injini imodzimodzi imatha kufuna utali wosiyana malinga ndi kuti ili ndi eyakoni kapena ayi, ndiye nambala ikafufutika tengani lambayo kusitolo mukayerekeze. Wa timizere 6 pa pule la timizere 7 musalole, ngakhale wogulitsa anene kuti ena akuyendera yemweyo.

Zimitsani injini, chotsani kiyi, masulani waya wa negetivi pa batire, ndipo dikirani injini izizire. Pa Hiace injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye tukulani mpando wa wokwera kuti muione bwino. Musanakhudze chilichonse, jambulani ndi foni mmene lamba wayendera, kenako jambulaninso papepala. Apa m'pamene ambiri amatayira tsiku lonse, chifukwa lamba akangochoka njira yake siikumbukika.

Pezani tenshona, lomwe ndi pule laling'ono pa kamkono kokhala ndi sipiring'i. Ikani sipanala yaitali pa mutu wa bawuti yake (pa Toyota zambiri ndi ya mamilimita 14, pomwe galimoto zina zili ndi kabowo ka ngodya zinayi), n'kukankha pang'onopang'ono kumbali imene lamba akukhwepa. Cholinga ndi kupinda sipiring'i, osati kumasula bawuti. Vulani lamba pa pule limodzi losalala, kenako bwezani tenshona mofatsa. Mukaisiya kuti ibwerere yokha mwamphamvu ikhoza kusweka, ndipo chala chikapezeka pakati chimaphwanyika.

Tsopano lamba wachoka, chitani ntchito yeniyeni. Zungulitsani pule lililonse ndi dzanja, kupatula la kirankishafuti. Labwino limazungulira mwakachetechete ndipo limaima msanga chifukwa cha girisi wa m'kati. Lomwe likuchita phokoso, kapena likungozungulira osaima ngati gudumu la njinga, beringi yake yauma. Gwedezani pule la pampu ya madzi. Likamasewera, kapena pansi pake pakaoneka zipsera za madzi ouma, pampuyo ili pafupi kutha. Kamkono ka tenshona kayenera kuyenda mosalala ndi kubwerera ndi mphamvu. Injini zambiri za dizilo zamakono zili ndi pule la alitaneta logwira mbali imodzi n'kumasuka mbali inayo. Likagwira mbali zonse ziwiri, lamba amanjenjemera ndipo tenshona imatha msanga. Chotsani dothi ndi timiyala m'timizere ta mapule ndi bulashi, ndipo ngati pali oyilo wodontha kuchokera pa silo (labala wotchinga oyilo) ya kirankishafuti, konzani kaye pamenepo.

Poika watsopano, yambirani pansi pa kirankishafuti motsatira chithunzi chija. Mbali ya timizere imagona pa mapule a timizere, msana umagona pa mapule osalala. Siyani pule limodzi losalala, losavuta kufikira, kuti likhale lomaliza. Pindani tenshona, lowetsani lamba ndi dzanja, osati pomukanula ndi sikuludalaiva, chifukwa imadula ulusi wa m'kati. Musanalize injini, unikani ndi tochi pule lililonse, makamaka apansi. Lamba akaphonya kamzere kamodzi kokha, m'mphepete mwake mumayamba kunyenyeka m'mphindi zochepa. Bwezani waya wa batire, lizani injini kwa mphindi imodzi, zimitsani, unikaninso. Ngati muli ndi mita, batire lizionetsa mavoti a pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira.

FUNSO: Lamba akaduka ndili pamsewu, monga pakati pa Santhe ndi Kamwendo, ndingayende pang'onopang'ono mpaka kugalaja? — Mwini minibasi, Santhe

YANKHO: Ayi, imani. Chizindikiro choyamba ndi getsi la batire loyaka pa dashibodi, ndipo pa galimoto zina chiwongolero chimalimba nthawi yomweyo. Pampu ya madzi ikaima, injini imatentha m'mphindi zochepa, makamaka minibasi yodzaza m'dzuwa la Okutobala. Chotsatira ndi kupsa kwa gasiketi kapena kupindika kwa hedi (mutu wa injini), zomwe mtengo wake umaposa kutali wa lamba. Patukani, zimitsani, ndipo musatsegule chivindikiro cha ladiyeta injini ikadali yotentha. Lamba wakale amene munachotsa asanaduke musamataye. Musungeni pansi pa mpando pamodzi ndi sipanala ndi pepala la chithunzi lija. Musanamuike, tolani zidutswa zonse za wodukayo ndipo onetsetsani kuti palibe pule logwira, chifukwa likakhalapo limudulanso.

FUNSO: Lamba wanga alibe ming'alu ngakhale wayenda nthawi yaitali. Ndiye kuti akadali bwino? Nanga ndi yemweyu amene amayatsa getsi la T-BELT? — Wowerenga, Mtunthama

YANKHO: Malamba amakono amapangidwa ndi labala wa EPDM amene sang'aluka msanga, koma timizere take timadyeka ngati tayala. Tikaonda, mipata yake n'kukula, kapena lamba akayamba kunyezimira, ndiye kuti watha ngakhale alibe mng'alu. Muzimuyang'ana nthawi iliyonse yosintha oyilo, ndipo akadutsa makilomita 100,000 muzimukayikira. Getsi la T-BELT ndi la lamba wina wa mano, wobisika m'kati mwa chivindikiro, amene amayendetsa kamushafuti, chitsulo chotsegula mavavu. Pa injini za 1KD ndi 2KD ameneyo amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Ameneyo pitani naye kwa makaniko wodziwa kutchera taimingi.