Musakwere ndege ndi lonjezo lapakamwa, achemwali

Achemwali, zoti pepala lanu la kafukufuku alilandira ku workshop ya za netiweki ya makompyuta koma ndalama ya ulendo mulibe zandikumbutsa zowawa. Mudziwiretu kuti thandizo lambiri lotere ndi lobweza: tikiti, visa, hotelo mumalipira nokha, malisiti mumatumiza mutabwerako kuti akubwezereni ndalamazo. Kaya ndalama ya ACM-W, bungwe lothandiza amayi pa za makompyuta, yomwe imafika madola 1,200 ukamapita kontinenti ina ndi 600 ukakhala mu Africa momwemuno, kaya ina, funsani tsiku lomwe ndalamayo imalowa.

Ine thandizo ndinalipeza, lokwanira tikiti basi. Asupavaiza anga anati hotelo ilipiridwa ndi dipatimenti, ndisadandaule. Kenaka mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, tikiti yomwe ndinkasungira ndalama inakwera usiku umodzi, mayi anga anachita kukongola ku banki mkhonde kuti ikwane. Ndinafika ku Ulaya usiku, kukuzizira koopsa, chikwama kumanja, poster yanga kumanzere. Wapahotelo akuyang'ana pa kompyuta, akuti dzina lilipo koma palibe walipira. Ndinapereka kadi yanga, yakana. Kuyesanso, yakana, poti kubanki kwathu forex inali yovuta. Anthu ali pamzere kumbuyo kwanga akungondiyang'ana. Kuimbira asupavaiza pa WhatsApp, foni ikungoitana, mesejiyo aiwerenga koma zii. Ndinakhala pampando wapakhomo paja misozi ikutsika, manja akunjenjemera, mawa lake m'mawa ndikuyenera kuima pamaso pa maprofesa. Anandipulumutsa ndi mtsikana wina wa PhD wochokera ku India, sankandidziwa n'komwe, ananditenga kukagona m'chipinda chake.

Nditabwerako ndi pomwe ndinamva kuti ndalama ya hotelo ija asupavaiza anaipereka kwa mnzathu wamwamuna yemwe ankapita kumsonkhano wina. Nditafunsa, bambo aja anati ankaganiza kuti sindipita chifukwa ndili ndi mwana wamng'ono. Anandifunsa ine? Mwana ndi wanga, womusamalira ndinali nditamupeza kale! Kalata yovomereza ulendo wanga anaisainira okha, tikiti anaiona ndi maso awo. Mpaka lero pepani sanatulukepo m'kamwa mwawo, koma dzina lawo lili pa pepalalo.

Ndiye chilichonse chomwe dipatimenti yalonjeza chikhale pa imelo, ndipo mulembere hotelo musananyamuke atsimikize kuti ndalama yalowa. Lowani N2Women, gulu la amayi ofufuza za netiweki, amakumana pamisonkhano ikuluikulu ya za netiweki ngati SIGCOMM, MobiCom ndi INFOCOM, ndipo kumeneko n'komwe mungapeze wogawana naye chipinda. Muwerenge bwino malamulo a thandizo lililonse, chifukwa la ndalama za NSF, bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa sayansi, nthawi zambiri limakhala la ophunzira a m'mayunivesite a ku America, musataye nalo nthawi. SIGCOMM imakhala ndi lina la anthu ochokera kumaiko omwe saoneka kwambiri kumsonkhanoko. Kalata yofunsira visa muipemphe kwa okonza msonkhanowo lero lomwe. Afunseninso za thandizo a UbuntuNet Alliance, bungwe lolumikiza netiweki za mayunivesite kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, likulu lawo lili ku Lilongwe konkuno.

Ngongole musatenge, makamaka katapila, zobweza zija zimachedwa. Komabe ngati zavutitsitsa, kongolani kwa achibale mupite ndithu, chifukwa amene ndikulemba naye pepala panopa ndi mtsikana wa ku India yemwe uja. Nditumizireni inbox, ndikupatseni kalata yomwe ndinalembera pofunsira thandizo muonereko.