Gitala wa kuseri kwa chitseko

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti chilimwe chonse chatha asadakhudzeko gitala wake, chonsecho amangokhala pakhomo chifukwa cha mliri, ndiye akufunsa kuti ayambire pati. Mayi, mwandigunda pachilonda.

Wanga ndidamutsekera m'chikwama patangopita masiku ochepa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 March 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse. Choseketsa n'chakuti poyamba ndinkati mwayi ndi umenewu. Alendo kulibe, kopita kulibe, pomadzatuluka m'nyumba muno ndidzakhala ndili katswiri. Ndimadzinamiza. Kukacha ndinkathamangira foni kukaona kuti odwala afika angati, dzuwa likamalowa chimodzimodzi. Gitala ali phee kuseri kwa chitseko, ndipo ndikamadutsa pamenepo ndinkayang'ana kumbali ngati ndaona munthu amene ndili naye ngongole.

Chidandipweteka kwambiri ndi nkhani ya Isaac Newton, wasayansi wotchuka wa ku England, imene anthu ankagawana pa Facebook. Amati mliri wina utatseketsa yunivesite ya Cambridge mu 1665, mnyamatayo adabwerera kwawo ku Woolsthorpe n'kuyamba kufufuza za kuwala ndi masamu ozama, nanga iwe ukutani? Nkhaniyo ndi yoona, koma kuigwiritsa ntchito ngati chikwapu ndi nkhanza. Newton anali ndi zaka 22, wopanda mkazi, wopanda mwana womulirira pakhomo, wopanda foni yomuwerengera maliro ola lililonse. Ine ndikukana kwamtuwagalu zoti munthu amene watha miyezi ali ndi mantha adziimbe mlandu wa ulesi. Mantha amatopetsa kuposa ntchito yamanja. Ndipo ambiri mwa amene ankaonetsa luso lawo tsiku ndi tsiku, ndikuwakayikira, ankajambulitsa kamphindi kamodzi kenako n'kubwerera kukagona ngati tonsefe.

Tsiku limene ndidatsegula chikwamacho silinali lapadera. Ndinkafuna tsache, gitala n'kundigwera paphazi. Nsambo zitatu zing'onozing'ono zinali zitachita dzimbiri, ndikapitsa chala zinkandisiyira mzere wakuda. Ndidamuchuna choncho, nsambo iliyonse pa liwu lake, E A D G B E, pang'onopang'ono, nditatsinzina diso limodzi kuopa kuti ina iduka n'kundikwapula kumaso. Pasadathe mphindi khumi nsonga za zala zinali zitafiira psuu. Khungu lolimba lija limene woimba amalisunga ngati chuma linali litatha, zala zafewa ngati za khanda.

Koma dzanja lidapita lokha pa kagwiridwe ka nsambo kotchedwa G, kuchoka apo pa C, mutu usadaliuze kanthu. Ndidakhala pansi pomwepo, tsache ndaliiwala. Pambuyo pake ndidakumbukira Hermann Ebbinghaus, wa ku Germany uja amene mu 1885 adafalitsa zimene adapeza poloweza timawu topanda tanthauzo. Iye adaona kuti chinthu chimene ukuyesa kuti waiwaliratu sichitenga nthawi yaitali kuchiphunziranso poyerekeza ndi ulendo woyamba. Zala zokha ndi zimene zinkalira, nyimbo zinali zikadali momwemo.

Nyimbo imene idabwera siinali ya maloto anga aukatswiri aja ayi. Idali kanyimbo koyamba kuphunzira, kamene ndinkachita nako manyazi kuimba pagulu. Ndidakabwereza kasanu, mawu akunjenjemera.

Tsono inu mutani?

Sinthani nsambo zonse, zakale zimakana kuchunika ndipo mungaganize kuti khutu lanu lafa. Gitala asabwererenso m'chikwama, akhale pomwe mumakhala madzulo. Imbani mphindi khumi zokha, ndipo zala zikayamba kuwawa lekani, khungu lilimbanso pakapita masabata angapo. Musadzijambule, musalonjeze aliyense.

Wanga pano amatsamira mpando umene ndikulemberapo kalatayi. Chingwe chomupachikira paphewa chidasowa m'miyezi yomweyo ndipo mpaka lero sindidachipeze, ndiye ndimaimba nditakhala.