Kodi motorhome izikhala pa magetsi nyengo yonse yozizira?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Leeds, ku England, amene anagula motorhome (galimoto yokhala ndi malo ogona ndi ophikira mkati ngati nyumba) yakale ya Fiat Ducato, ya mu 2007. Akuti kuyambira Novembala mpaka Malichi galimotoyo imangokhala pakhomo. Amene anawagulitsa anawauza kuti aziisiya pa magetsi a m'nyumba usana ndi usiku, koma mnzawo wa kuntchito akuti akatero apsereza batire. Chawasokoneza kwambiri n'chakuti mwezi wathawu, chingwe chili chilumikizire, atafuna kuliza injini inakana. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, onse awiriwo sakunama, kungoti aliyense akunena za tchaja yosiyana ndi ya mnzake. Yankho lili pa tchaja yomwe ili m'galimoto yanuyo, ndipo mungathe kuidziwa nokha ndi multimeter yotchipa, kachipangizo koyezera mavoti a magetsi, osapita ku garaja.

Tiyambe ndi injini yokana kulirayo, chifukwa ndi imene imapusitsa anthu ambiri. Motorhome ili ndi mabatire awiri. Lina ndi loliza injini, lina ndi la kunyumba kuja, loyatsa mababu, pampu ya madzi ndi fani ya hita, lomwe ogulitsa amalitcha leisure battery. M'magalimoto ambiri a zaka zimenezo, mukalowetsa pulagi yabuluu ija pambali pa galimoto, tchaja imadyetsa batire la kunyumba lokha. La injini silipatsidwa kalikonse, pokhapokha mutasankha nokha pa kabokosi ka mabatani kamene kamakhala pamwamba pa chitseko, kapena ngati mwini wakale anaikamo kachipangizo konga Battery Master kamene kamatapa magetsi pang'ono kuchokera kwina kupatsa linzake. Pomwepo alamu, tracker (kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa) ndi wailesi zikungoyamwa batire la injini mwakachetechete, ndipo pakatha masabata angapo latheratu. Inu mukuona nyali yobiriwira ikuyaka, mtima m'malo, osadziwa kuti nyaliyo ikunena za batire lina.

Kuyeza kwake ndi uku. Zulani chingwe madzulo, zimitsani zonse, m'mawa muike multimeter pa batire lililonse. Batire la mtovu ndi asidi likadzaza limaonetsa mavoti 12.7 kapena pafupi pamenepo. Likafika pa 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 layamba kuonongeka. Ngati Ducato yanu ndi ya mtundu womwe unatuluka mu 2006, batire la injini musalifune ku boneti. Lili pansi pa mapazi a munthu wokhala kumanzere kutsogolo, mukatukula kapeti n'kutsegula chivundikiro chake. Mukatha, bwezerani chingwe, yatsani tchaja, muyezenso la injinilo. Likakwera kupitirira 13, likudya nawo. Likakhala pomwe linali, mwapeza chimene chinakuchitikirani mwezi watha.

Tsopano tchaja yeniyeniyo. Batire la kunyumba likhale litatsikako pang'ono, kenako mulumikize magetsi n'kumayeza pakapita maola angapo, mawa lake, ndi mkuja. Tchaja yamakono imakankha mwamphamvu poyamba, mavoti amakwera kufika cha pa 14.4, amakhala pamenepo kwa kanthawi, kenako amatsika okha kubwera pakati pa 13.2 ndi 13.8. Yoteroyo isiyeni pa magetsi mpaka Malichi, palibe vuto, ndiyo ntchito imene anaipangira. Tchaja yakale ilibe nzeru imeneyi. Imangoima pa 13.8 kuyambira tsiku loyamba osasuntha, motero imachedwa kudzazitsa batire, komanso likadzaza siileka. Kwa sabata imodzi pa campsite, malo amene oyenda ndi motorhome amaimapo n'kugona, palibe chimene chingaonongeke, koma miyezi inayi yosalekeza imamwa madzi a m'batire pang'onopang'ono mpaka mapuleti kuonekera. Mnzanu wa kuntchito akunena zimenezi. Ndipo mukapeza kuti patatha masiku awiri mita ikadali pamwamba pa 14, zulani chingwe tsiku lomwelo, tchajayo yadwala.

Ngati yanu ndi yakaleyo, njira yosawononga ndalama ndi kugula timer ya pa soketi, n'kuiika kuti izipereka magetsi tsiku limodzi pa sabata. Ineyo ndingakonde kuti mugule tchaja yamakono yapadera, monga za CTEK kapena Victron, chifukwa mungathe kuisinthasintha pa mabatire onse awiri, ndipo mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa batire limodzi lomwe mungataye. Onetsetsani kokha kuti mwaisankhira mtundu wa batire lanu, chifukwa la madzi, la AGM ndi la gel safuna mavoti ofanana.

Koma kunena zoona, mabatire ophedwa ndi kutchaja kwambiri ndi ochepa poyerekeza ndi ophedwa ndi njala. Batire la mtovu likatsika, pa mapuleti ake pamamera zoyera zonga mchere zotchedwa sulphate. Mukalitchaja msanga, sulphate uja amasungunuka n'kubwerera mu asidi. Mukalisiya masabata lili lopanda moto, amauma gwa, ndipo mbali ya puleti imene wakuta siigwiranso ntchito. Batire lotere limanamiza: mukalitchaja limafika pa 12.7 mofulumira kwambiri, koma mukayatsa mababu ndi pampu, ola limodzi lagwa. Amene ali ndi sola ndi inveta kumudzi kwathu amazidziwa bwino, batire logula chaka chino likamakamidwa usiku uliwonse mpaka wailesi kuzima yokha, chaka chamawa mukugula lina. Choncho pa zinthu ziwiri izi, kuzula chingwe n'kuiwala galimoto mpaka Malichi ndiye koopsa kuposa kuisiya pa magetsi. Onjezani apo chisanu cha ku Yorkshire, dera lomwe kuli Leeds: batire lodzaza silingaundane ndi kuzizira kwa kuno, koma lopanda moto limakhala ngati madzi okhaokha mkati, ndipo likhoza kuundana n'kung'amba chikho chake.

Ngati batire lanu lili ndi zitsekerero pamwamba, zitsegulani kamodzi pamwezi, muwalitse tochi, muone ngati madzi akukwirira mapuleti. Othiramo ndi deionised water, madzi ochotsedwa michere, amene amagulitsidwa m'mabotolo ku Halfords ndi m'masitolo akuluakulu. Madzi a pampopi ayi, asidi ayinso. Valani magalasi, ndipo fodya akhale kutali, popeza batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika ndi kamoto kakang'ono. N'chifukwa chake pambali pa batire pamakhala kapaipi kopyapyala kotulukira pansi pa galimoto. Kayang'aneni, nthawi zambiri kamapezeka katazuka kapena katapindika pamene munthu wina ankasintha batire. Mukalowa m'galimoto n'kumva fungo la mazira oola, kapena alamu ya carbon monoxide ikulira gasi ali chitsekere, gwirani batire m'mbali. Likakhala lotentha kapena lotupa, zimitsani tchaja, tsegulani zitseko, ndipo limenelo musaliyesenso.

Za chingwe sindichulukitsa. Soketi ya m'nyumba kuno imapereka ma amp 13 basi, osati 16 ngati pa campsite zambiri, ndipo iyenera kukhala yotetezedwa ndi RCD, kachipangizo kodula magetsi kokha akayamba kudutsa posayenera. Chingwe cha mtundu wa lalanje chija chitambasuleni chonse, musachisiye chokulunga pa chokulungira chake, makamaka ngati mukuyatsanso hita yamagetsi yothamangitsa chinyezi, chifukwa chokulunga chimatentha mkati mpaka kusungunuka. Polumikizira pasagone m'madzi. Filiji izimitseni n'kusiya chitseko chake chotsegula pang'ono.

Ena adzakuuzani kuti ikani sola padenga, nkhani yatha. M'chilimwe zoona. Koma mu Disembala ku Leeds masana sakwana maola 8, dzuwa limayenda m'munsi, ndipo sola yogona chagada padenga, yokutidwa ndi masamba, siingadaliridwe yokha. Enanso amati muziliza injini mphindi khumi Lamlungu lililonse. Zimenezo zimangotapa moto poliza, osaubweza wonse, komanso injini ya dizilo siikondwa kulira ili chiimire osatentha. Mukafuna kuithandiza, itulutseni kamodzi pamwezi muyende nayo ulendo wa mphindi 40 kapena ola, matayala ndi mabuleki apindule nawo.

Zonsezi ndanena za mabatire a mtovu. Mukadzasamukira ku lithium, aja a LiFePO4, malamulo amatembenuka: sasowa kukhala odzaza nthawi zonse, amasungika bwino ali cha pa theka atazimitsidwa, ndipo sayenera kutchajidwa kuzizira kukafika pansi pa 0°C, pokhapokha ngati ali ndi hita yawo mkati. Tchaja ya mu 2007 si yawo.

Batire la injini linafera mwezi watha lija litchajeni usiku wonse ndi tchaja yamakono, mulichotse pa tchaja, lipume tsiku lathunthu waya wa negative atachotsedwa, kenako muyeze. Likagwira pa 12.6 kapena 12.7, lapulumuka, ngakhale moyo wake wafupikako. Likatsika msanga kubwera pa 12.3 kapena pansi, gulani lina kusanazizire kwambiri. Musanachotse wayayo, fufuzani kaye khodi ya wailesi m'mapepala amene munalandira ndi galimoto, ndipo ngati inshuwalansi yanu imafuna tracker, aimbireni a kampani ya tracker muwadziwitse, kuopa kuti angaganize kuti galimoto yabedwa.